KODI ALENDO ATHU A KU DZALEKA AMAWALANKHULIRA NDANI?

Nyengo ya chisankho ikafika, magalimoto a zipani amadzaza misewu ya kwathu kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi. Amakwera zitunda, kuoloka madambo, mpaka kufika m'midzi imene galimoto siionekako chaka chonse. Koma pali malo amodzi m'boma la Dowa, okhalamo anthu oposa 50,000, amene wofuna uphungu sataya nawo nthawi. Malowo ndi msasa wa Dzaleka. Aseminale anzanga, ndafuna kuti tione chifukwa chake zili chonchi, ndiponso zimene zimamugwera munthu wopanda voti.

M'nthawi ya Dr. Kamuzu Banda, Dzaleka inali ndende yosungirako anthu omangidwa pa zifukwa za ndale. M'chaka cha 1994 boma pamodzi ndi bungwe la UNHCR adasandutsa malowa kukhala msasa wa anthu othawa nkhondo, makamaka ochokera ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Adaukonzera anthu pafupifupi 10,000 okha. Amene mwafikako pa msika wa Lachiwiri mukudziwa kuthithikana kwake.

Dziko lathu lidavomera pangano la 1951 loteteza othawa kwawo, koma lidakana mfundo zina, monga ufulu wokhala kumene munthu wafuna ndi ufulu wolembedwa ntchito. Lamulo lathu la 1989 lidayenda m'mapazi omwewo. Komabe njala siidziwa lamulo. Mabanja ambiri adatuluka mumsasa nakakhala m'malokeshoni a mu Lilongwe, monga ku Area 25 ndi kwa Mgona, kumene adatsegula magolosale ndi kuyamba kugula mbewu. Ife timangowatcha onse "Maburundi", osafunsa n'komwe kumene munthu adachokera.

Tsono phata la nkhani nali. Phungu kapena khansala amamvera munthu chifukwa amadziwa kuti zaka zisanu zikatha adzabweranso kudzam'gwadira. Mayi wa ku Malomo akadandaula za mjigo woonongeka, dandaulo lake lili ndi mano, pakuti m'dzanja lake muli voti. Mlendo wa kwa Mgona amalipira chiphaso cha pamsika ndi lendi ya nyumba, ana ake amadwala malungo omwewo, koma palibe wandale amene amamuopa. Mumsasa alimo atsogoleri osankhidwa ndi anthu a mafuko awo, ndipo ntchito yawo sindikuipeputsa ai. Amatula madandaulo kwa akuluakulu oyendetsa msasa ndi kwa mabungwe. Koma iwo amangopempha. Sakhala nawo pamene khonsolo ikugawa ndalama, ndipo sangaimirire m'Nyumba ya Malamulo kufunsa nduna funso.

Zotsatira zake zidaoneka mu May 2023. Boma litalamula kuti othawa kwawo onse abwerere ku Dzaleka, apolisi ndi asilikali adagwira anthu mazanamazana mu Lilongwe, ena ali ndi ana, nawasunga kundende ya Maula asanawatumize kumsasa. Amene adakweza mau kwambiri anali mabungwe oona za ufulu wa anthu. Wandale akanapindulanji poteteza anthu osavota, pamene ochita malonda achimalawi, amene ali ndi voti, ankadandaula kuti alendowa akuwalanda makasitomala? Dandaulo limenelo si lopanda pake. Vuto ndi lakuti pabwalo padali mbali imodzi yokha ya mlandu.

Chodabwitsa n'chakuti malamulo akulu a dziko lino a 1994, pa gawo 77, adalemba kuti ngakhale munthu amene si nzika angathe kulembetsa m'kaundula wa voti ngati wakhala m'dziko muno zaka zisanu ndi ziwiri. Ndi maiko owerengeka padziko lapansi amene adaolowa manja chotere. Koma m'kachitidwe kake khomo limeneli silitsegukira othawa kwawo, ndipo mphekesera yoti alendo alembetsa imamveka ngati nkhani ya umbava.

Tisaganize kuti mliriwu ndi wa anthu ena okha. Agogo athu ambiri adapita ku Salisbury, imene lero ndi Harare, kukagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za Azungu. Ena sadabwerenso, ndiwo matchona aja, ndipo ana awo adabadwira ku Mbare ndi m'malokeshoni ena. M'chaka cha 2001 boma la Zimbabwe lidakhwimitsa lamulo la unzika, kotero kuti ambiri obadwa kwa makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique adawerengedwa ngati alendo, nalephera kuvota pa chisankho cha 2002. Mu 2005 boma litayamba kugwetsa nyumba m'malokeshoni, ambiri a iwo adauzidwa kuti apite kumudzi kwawo, chonsecho mudziwo adalibe. Malamulo atsopano a 2013 ndiwo adawabwezera unzika wawo.

Ku Ulaya nkhani yotchuka ndi ya anthu a ku Turkey. Dziko la West Germany lidayamba kuwaitana kudzagwira ntchito m'mafakitale mu 1961, poganiza kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Iwo adakhazikika, ndipo madera ena, monga Kreuzberg mumzinda wa Berlin, adadzaza ndi mabanja awo. Mizinda idawakonzera makomiti olangiza khonsolo, ofanana ndithu ndi atsogoleri a mumsasa aja: kulankhula ankalankhula, koma posankha chochita sankawerengedwa. Mu 1990 khoti lalikulu la dzikolo lidakana kuti alendo azivota pa chisankho cha makhansala. Dziko loyandikana nalo la Netherlands lidatsata njira ina: kuyambira pa chisankho cha 1986, mlendo amene wakhalako zaka zisanu amavotera khansala wa dera lake, ndipo zipani sizidachedwe kuyamba kuimika ana a alendowo. Ku Germany khomo lidatsegukira pa unzika. Cem Özdemir, mwana wa antchito ochokera ku Turkey, adatenga unzika, nalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1994, chaka chomwe Dzaleka idatsegulidwa, ndipo mu 2021 adakhala nduna. Kuyambira mu 2000, mwana wobadwira m'dzikomo kwa makolo amene akhalamo zaka zambiri movomerezeka amakhala nzika.

Kwathu kuno unzika umatsata kholo, osati malo obadwira. Mwana wobadwira ku Dzaleka kwa makolo othawa kwawo ndi wothawa kwawo nayenso, ngakhale sadathawepo kwina kulikonse. Ambiri aphunzira m'sukulu zimene bungwe la Mpingo wathu la Jesuit Refugee Service lakhala likuyendetsa kumeneko, ndipo Chichewa amachilankhula monga inu ndi ine. Amene adabadwa m'chaka chotsegulira msasa adakwanitsa zaka 18 mu 2012. Chisankho cha 2014 chidawadutsa, cha 2019, cha 2020 ndi cha 2025 chimodzimodzi.