Mmene Ajeremani Anasungira Nyimbo Zao

Tsiku la Mulungu m'matchalitchi a ku Phalombe, m'tsinde mwa Phiri la Mulanje, mpingo wonse umaimba pamodzi m'chinenero chao. Mwambo umenewu unakula kwambiri m'dziko la Germany.

Kale kumeneko nyimbo zambiri za m'tchalitchi zinali za m'Chilatini, ndipo oimba ake anali ansembe ndi makwaya. Tsono Martin Luther anapeka nyimbo m'Chijeremani, ndipo zinayamba kusindikizidwa m'mabuku m'chaka cha 1524. Iye analimbikira kuti mphunzitsi aliyense adziwe kuimba, kuti aphunzitse ana.

Patapita zaka 200, Johann Sebastian Bach, amene anali kuphunzitsa anyamata a kwaya ku Leipzig kuyambira 1723, anatenga nyimbo zomwezo nazikonza kuti ziimbidwe m'mau anayi. Pambuyo pake Achim von Arnim ndi Clemens Brentano anasonkhanitsa mau a nyimbo zakale za anthu wamba, nawasindikiza pakati pa 1805 ndi 1808. Motero nyimbo za makolo sizinatayike, pakuti zinalembedwa ndiponso zinalowa m'sukulu.

Ku Phalombe nakonso kuli chuma chotere. Tchopa, gule wa Alomwe, analandira ulemu wa bungwe la UNESCO m'chaka cha 2014. Koma nyimbo zake zambiri zili m'mitu ya akuluakulu, ndipo iwo akamwalira zimapita nao. Aphunzitsi adzachita bwino kuitana akuluwo kusukulu, kulemba mau a nyimbozo m'makope, ndi kupatsa ana mpata wophunzira ng'oma zake eni ake akali moyo.