Renti ya Papepala ndi Renti ya M'thumba

Mukamva kuti nyumba za boma n'zotchipa, musathamangire kutsanzika kwa alandilodi. Anthu ambiri apsa nazo ziwerengero za renti ya nyumbazi, ena mpaka kupereka ndalama kwa adobadoba owalonjeza kiyi sabata yamawa.

Bungwe la Malawi Housing Corporation linakhazikitsidwa mu 1964 kuti lizimanga nyumba zobwereketsa ndi zogulitsa, monga za ku Area 18 ku Lilongwe ndi ku Nkolokosa ku Blantyre. Zimenezo n'zodziwika. Chovuta n'chakuti renti imene imatchulidwa ndi ya munthu amene ali kale m'nyumbamo. Inu mukalemba fomu, dzina lanu limalowa pamndandanda, ndipo mndandandawo umasuntha pokhapokha wina atatuluka kapena nyumba zatsopano zitamangidwa. Ndani angatuluke m'nyumba yotchipa? Choncho mumadikira, zaka n'kumapita, mukulipira renti ya pamsika ku Ndirande kapena kwa Chinsapo. Onjezanipo ya minibasi yokafunsira, poti m'maofesi mwathu "bwerani mawa, abwana ali kumsonkhano" ndi moni wa tsiku lililonse. Ndalama zonsezi sizilowa m'chiwerengero chilichonse.

Mukauzidwa mtengo wa nyumba, funsaninso chaka chake. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti, ndiye mtengo wa nyumba wa 2022 lero ndi nthano chabe. Samalaninso ndi mawu akuti avereji. Kanyumba ka chipinda chimodzi akakaphatikiza ndi chinyumba cha mpanda n'kugawa pakati, mtengo wotulukawo palibe amaulipira.

Nkhani ya chakudya chotayidwa ilinso chimodzimodzi. Lipoti la UNEP la 2024 linati mu 2022 munthu mmodzi pa dziko lonse lapansi ankataya makilogalamu 79 pachaka pakhomo pake. Mayi amene amakokota mphika, nsima yotsala n'kusungira ana mkute wam'mawa, angadabwe kuti amene akunenedwayo ndi iye. Koma mu 79 muja muli makoko a nthochi, mafupa ndi zikhokhombe za mazira, zinthu zosadyeka. Komanso mayiko amene sanayeze okha zinyalala zawo anangowayerekezera ndi ena ofanana nawo, ndipo lipotilo limavomereza kuti ziwerengero zoterozo n'zosadalirika kwenikweni. Wolankhula pamsonkhano sanena zimenezo.

Wina akakuwerengerani nambala, mufunseni anawerenga ndani, liti, ndipo anawerenga chiyani. Ndalama ya nyumba musapereke kwa munthu wopanda lisiti.