Zapfino: Makina Akamatsanzira Dzanja la Munthu

Munthu akamalemba ndi dzanja, chilembo chimodzi sichituluka mofanana kawiri. Taonani "a" atatu a m'mawu oti "malata" m'kope lanu: wina wawerama, wina watupa mimba, wina watalika mchira. Makina osindikizira alibe khalidwe limeneli, pakuti "a" aliyense amafanana ndendende ndi mnzake. Mtundu wa zilembo wotchedwa Zapfino unapangidwa kuti makina aoneke ngati dzanja la katswiri wolemba.

Mwini wake ndi Hermann Zapf, mmisiri wa zilembo wa ku Germany, yemwe anabadwira ku Nuremberg mu 1918 ndipo anamwalira mu 2015. Ndiyenso anapanga Palatino ndi Optima. Zilembo zimene zinadzakhala maziko a Zapfino anazilemba ndi cholembera mu 1944, koma kampani ya Linotype inatulutsa mtunduwu mu 1998. Kale chilembo chilichonse chinkaumbidwa pa kachitsulo kakekake, choncho mchira wautali wolowerera m'malo a chilembo china unali wovuta kuumba ndiponso wosachedwa kuthyoka. Kompyuta ndiyo inachotsa vutoli.

Zilembo za Zapfino zimapendekera kumanja. Mzere umayamba wopyapyala ngati tsitsi, n'kunenepa potsika, monga zimachitikira ndi cholembera cha nsonga yafulati. Thupi la zilembo zing'onozing'ono ndi lalifupi, pomwe mitu ya "d", "h" ndi "l" imakwera kutali, ndipo michira ya "f", "g" ndi "y" imalendewera pansi. Chochititsa chidwi kwambiri n'chakuti mtunduwu unatuluka ndi maalifabeti anayi, kotero wosanja mawu angathe kusankha "a" wosiyana nthawi iliyonse. Pa makompyuta a Apple okhala ndi Mac OS X, munthu akalemba dzina loti Zapfino, zilembo zisanu ndi ziwirizo zimasanduka chojambula chimodzi cholumikizana. Kumeneku ndi kudzionetsera ndithu, komabe n'kosangalatsa kuona.

Kukongola komweku ndiko kumachepetsa ntchito yake. Zapfino amayenera pa makadi aukwati, masatifiketi, zikuto za mabuku ndi mayina a katundu, pamene mawu ali ochepa ndipo woona ali ndi nthawi yoti asirire. Pa ndime yaitali, mchira wa mzere wapamwamba umakolana ndi mitu ya mzere wapansi, ndipo maso amatopa msanga chifukwa akuyenera kuzindikira chilembo chimodzi m'maonekedwe angapo. Choipitsitsa, mwa kuona kwanga, ndi kulemba mawu onse m'zilembo zazikulu: zimapiringizana ngati mpiringidzo wa nyemba, mpaka dzina la mkwati osawerengeka. N'chifukwa chake osindikiza odziwa ntchito amalemba mayina a akwati okha m'Zapfino, koma tsiku, nthawi ndi malo amazisiya m'zilembo wamba kuti alendo asasochere.