Mmene Madzi a Nzimbe Asandukira Shuga

Munthu akaona utsi wa fakitale ya ku Nchalo kapena ku Dwangwa, kawirikawiri sazindikira kuti ntchito yaikulu ichitikira m'mitsuko yachitsulo yondanda, momwe madzi a nzimbe aphikidwa kufikira atasanduka manyuchi olemera. Nzeru yake, imene Norbert Rillieux wa ku New Orleans adailembetsa mu 1846, njakuti nthunzi yotuluka mu mtsuko woyamba siitayidwa, koma iphika wachiwiri, ya wachiwirinso iphika wachitatu. Pakuti mpweya ukachepetsedwa m'katimo, madzi awira pa kutentha kochepa, shugayo osapserera. Pambuyo pake, mu mtsuko wina, manyuchiwo athiridwa timbewu ta shuga wopera, timene tikula pang'onopang'ono, ndipo makina ozungulira mwaliwiro alekanitsa shugayo ndi molasesi.