Ng'ombe yopulumuka imakokabe ngolo

Mu Meyi 2024, madzi atamiza mzinda wa Canoas ku Brazil, anthu anaiwala kudya poonera hatchi imodzi yomwe inakakamira padenga. Anaitcha Caramelo. Madokotala a ziweto anaigoneka ndi jakisoni, n'kuitsitsira m'boti, ena akugwetsa misozi pa kanema. Koma ku North Carolina mu 2018, namondwe Florence anapha nkhuku ndi nkhukundembo zoposa 3 miliyoni ndi nkhumba 5,500. Zinafera m'makola otseka, popanda ndi imodzi yomwe yopatsidwa dzina. Zikanapulumuka, ulendo wake unali womwewo wa kumpeni. Ngakhale lamulo lomwe America inakhazikitsa mu 2006, pambuyo pa namondwe Katrina, linakumbukira agalu ndi amphaka, za m'khola ayi.

Mlimi wa kwathu ku Tsangano kapena ku Macanga sangamvetse chisoni chosankha chotere. Iye sabisa chifukwa chimene amadzukira usiku mvula ikukhuthuka, kukatsegula khola lisanagwere ng'ombe. Ng'ombeyo ndi imene imakoka ngolo ya mbatatesi kupita kumsika wa m'malire ndi Ntcheu, kapena kututa fodya kuminda ya ku Furancungo. Ndowe zake ndi manyowa. Mwana akadwala imagulitsidwa, mkulu akamwalira imagwa pamaliro. Mwini wake amaidziwa ndi dzina, amaidziwanso mtengo wake, ndipo ziwirizi sizimusowetsa tulo. Pamenepa ndimamuona woona mtima kuposa olira pa kanema aja, ngakhale kuti mvula ikangokata, chikwapu chimabwerera pamsana pa ng'ombe yomwe ija.

Kwathu mfundo yovuta ili pena. Dera ili ndi lamapiri, madzi sakhalitsa. Amathamangira kumunsi, ku Revúbuè, mtsinje umene unagumula mlatho kufupi ndi mzinda wa Tete pa namondwe Ana mu Januwale 2022. Komatu asanafike kumeneko amayamba adzaza timitsinje ta kudambo, kumene ziweto zimadya. Nanga amene amatumidwa kukaziwolotsa ndani? Si mwini khola. Ndi mnyamata woweta, kawirikawiri mwana wa mlongo wake kapena waganyu, wopanda nsapato, amene akudziwa kuti akabwera mwana wa ng'ombe atasowa, nsima ya tsikulo saidya bwino.

Akuluakulu nawo amakana kusamuka a boma akachenjeza. Kumalo othawirako kulibe khola, ndipo m'malire muno akuba ng'ombe sagona. Woona patali amati n'kuuma mutu, koma munthu amene chuma chake chonse chili ndi miyendo inayi amawerengera mosiyana.

Ndiye pali nkhuku, abakha ndi mbuzi, zimene m'mabanja ambiri ndi za amayi. Amuna akathamangira ng'ombe, mayi amakhala atabereka mwana, thumba la ufa lili pamutu, dzanja lina likukoka wamkulupo. Nkhuku zake zimadzionera zokha mumtengo, ndipo powerenga zimene banja lataya, amayamba ndi za bambo.