Mabuleki a Kumbuyo: Dramu Kapena Disiki?

Atsogoleri a makalasi, nayi nkhani yokambirana ndi ophunzira athu amene amanyamula fodya ndi kachewere m'misewu ya ku Chidzolomondo. Mapikapu ambiri, monga Toyota Hilux, kumbuyo ali ndi mabuleki a dramu: zogwira zake zimakhala m'kati mwa chitsulo chonga mbale. Pa mtsetse wautali dramu imasunga kutentha, buleki n'kufooka. Disiki ili pamtetete, mphepo imaiziziritsa.

Komatu kusintha si kumasula mabauti chabe ayi. Pafunika handibuleki yogwirizana nayo ndi kulinganizanso mphamvu ya mafuta a buleki. Apo ayi, matayala a kumbuyo amamangika msanga, galimoto n'kuterereka. Pajatu ntchito yaikulu yoimitsa galimoto imagwiridwa ndi mabuleki a kutsogolo. Tisanagule madisiki, tiyambe takonza madramu, ndipo potsika phiri tiziika giya yaing'ono.