Masewero apakanema afika pokhwima, nanga athu ali pati?

Kwa anthu ambiri kumudzi kuno, kanema ndi zibakera za Rambo ndi akatswiri a karate, makamaka mafilimu amene anyamata amawamasulira m'Chichewa moseketsa m'mavidiyo sho a pamsika. Koma amene amatsata bwino za kanema aona kuti kwabwera mtundu wina wa masewero: aatali, oyenda m'magawo, olembedwa mwaluso ngati buku labwino.

Kusinthaku kudayambira ku America. M'chaka cha 1999, chomwe TVM idayamba kuulutsa kuno kwathu, kanema ya HBO idatulutsa The Sopranos, nkhani ya mkulu wa zigawenga amene anthu amamuopa kunja koma akulephera kulongosola banja lake lomwe. Chinsinsi chake chidali pa ndalama. HBO imadalira anthu olipira mwezi ndi mwezi, osati otsatsa malonda, choncho alembi ake adali ndi ufulu wolemba za moyo momwe uliri popanda kuopa kukhumudwitsa kampani iliyonse.

Kenako kudabwera The Wire, kuyambira 2002 mpaka 2008, yonena za mzinda wa Baltimore. Mwini wake, David Simon, adali mtolankhani, ndipo mnzake Ed Burns adagwirapo ntchito ya upolisi komanso uphunzitsi. Chigawo chachinayi chimatsata anyamata anayi apasukulu, kuonetsa momwe umphawi ndi mavuto a kunyumba zimalandira mwana tsogolo aphunzitsi akuona. Mphunzitsi aliyense wa ku sekondale yoyendera angawazindikire ana amenewa, ngakhale mayina ndi malo n'zosiyana.

Breaking Bad, ya 2008 mpaka 2013, ndi ya mphunzitsi wa Chemistry wa malipiro ochepa amene atapezeka ndi khansa ya m'mapapo adayamba kupanga mankhwala ozunguza bongo kuti asiyire banja lake ndalama. M'magawo 62 timamuona akusintha pang'onopang'ono kuchoka pa bambo wofatsa kufika pa chilombo. Apa ndiye pagona mphamvu ya sewero lalitali. Filimu ya maola awiri imangokuuza kuti uyu ndi woipa, pomwe sewero lotere limakuonetsa njira yonse imene adayenda kuti aipe.

Lero luso limeneli si la Azungu okha. Squid Game ya ku South Korea, ya 2021, idagwedeza dziko lonse ndi nkhani ya anthu 456 omira m'ngongole amene akulolera kuika moyo pachiswe pofuna ndalama. Amene adakongolapo katapila safunika womumasulira. Ku South Africa, Shaka iLembe ya 2023 idafotokoza mbiri ya mfumu ya Azulu m'chilankhulo chawo. Anansi athu ku Zambia ali ndi Mpali, ya bambo wamitala, imene imakondedwanso m'makomo ambiri kuno.

Nanga ife? Luso lilipo, ndipo silinayambe lero. Tidakula tikumvera Sewero la Sabata Ino pa MBC ndi Zimachitika ya Story Workshop, komanso kuonera Manganya mu Tikuferanji. Filimu ya Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula idapata mphoto ya Africa Magic mu 2016, ndipo The Road to Sunrise ya Shemu Joyah idachita chimodzimodzi mu 2018.

Vuto ndi loti masewero athu ambiri amadalira thandizo la mabungwe, ndipo wolipira ng'oma ndiye amasankha nyimbo. Uthenga umatsogola, nkhani n'kumatsalira m'mbuyo, mpaka ochita sewero kumayankhula ngati alangizi a zaumoyo pamsonkhano. Chachiwiri ndi ifeyo oonera. Timakonda kukopetsa mafilimu pamemori khadi ndi kandalama kochepa, mwini ntchito osapezapo kanthu. Mlembi wanjala sangakhale miyezi isanu ndi umodzi akusula nkhani imodzi.

Makanema athu ayambe kugula masewero kwa alembi ndi kuwalipira moyenera, ndipo Cosoma ilimbike pothana ndi okopa ntchito za eni. Nkhani tili nazo zambiri: John Chilembwe ndi kuukira kwa 1915, ulendo wa makolo athu ku migodi ya Wenela, moyo wa mlimi wa fodya kuchokera ku nazale mpaka ku okushoni, ngakhalenso mikangano ya ufumu m'midzi mwathu.

Makolo nawonso asagone. Ambiri mwa masewero akunja ndatchulawa ndi a akuluakulu, muli zachiwawa ndi zina zosayenera ana. Sewero labwino limakoka ngati nkhani ya agogo pamoto, ndipo mwana wa Fomu 4 akhoza kuchezera pafoni mayeso a MSCE ali pakhomo. Tisankhe choonera, tisankhenso nthawi yake, ndipo likatuluka sewero lathu labwino, tiligule.